Kansalu Kosachapa

Dzuwa litapendeka, banja la a Damiano linali pansi pa mtengo wa nimu kusankha thonje. Linali Lamulungu, ndipo kutchalitchi anali atabwerako kale. A Evelesi, akazi awo, anakhala pamkeka atatambalala, akuchotsa masamba ouma ndi tizitsotso n'kumaponya thonje loyera m'dengu. Pambali pawo panali a Faness, mlongo wamkulu wa a Damiano, amene anabwera Lachisanu kuchokera ku Nsanje kudzazonda matenda. A Damiano eni ake anali pampando, mwendo wamanzere atausanjika pa mtondo wogoneka. Iwo ntchito yawo inali kuingitsa nkhuku ndi kandodo.

Chilonda chinali pamsongolo. Chinayamba zaka ziwiri zapitazo pamene chitsa cha bango chinawabaya akukoka bwato m'dambo. Poyamba kanali kabala koti munthu n'kukaphimba ndi chala, koma kanakana kupola, ndipo kuchipatala anawapeza ndi matenda a shuga. Tsopano chinali chitakula ngati chikhatho cha mwana. Adokotala a kuboma ananena mosabisa kuti chikapanda kuyamba kutsekeka nyengo yozizira isanathe, mwendowo audula m'munsi mwa bondo. A Damiano anamva. Munthu wopalasa bwato ataimirira amadziwa yekha ntchito ya mwendo wachiwiri.

Mwana wawo Triza amagwira ntchito yoyeza magazi pachipatala china ku Blantyre. Ndiye amene anamva za anthu a kafukufuku amene ankayesa njira yatsopano yopoletsera zilonda zokanika, ndipo ankabwera Lolemba lililonse pachipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwawo. Anawalembetsa bambo akewo. Lolemba lapitalo anesi anaika kansalu koyera, kopyapyala, pachilondapo, n'kukulunga bandeji pamwamba. Anati pasatsegulidwe, pasanyowe, mpaka iwo atabweranso. Tsikulo a Evelesi kunalibe, anali kumaliro kutsidya.

Triza anatsika njinga ya kabaza pamsewu, n'kulowa pabwalo ndi chikwama paphewa, buledi m'manja. Anagwada pang'ono n'kupereka moni kwa aliyense.

“Mwaswera bwanji, azakhali? Sindinadziwe kuti muli kuno.”

“Pyadidi, ndaswera bwino, mwana wanga. Ndikadadikira kuti wina andiuze, ndikadamva mlongo wanga atamuika kale,” anayankha a Faness. “Wanenepatu. Ku Blantyre amakudyetsani chiyani?”

“Mphepo yokha, azakhali. Ababa, mwendo uli bwanji?”

“Uli pompo,” anatero a Damiano, maso ali kwa nkhuku.

Triza anapita kukaika chikwama m'nyumba. Pobwerako anadutsa pampanda wa bango pamene amayi ake ankayanika zochapa. Panali mabandeji atatu aatali, oyera mbee, monga mwa masiku onse. Kumapeto kwake kunali kansalu kakang'ono kangodya zinayi, atakapanikiza ndi minga iwiri kuti mphepo isakaulutse. Anaima n'kukayang'ana nthawi ndithu. Kenaka anazula mingayo, n'kubwera nako pachikhatho.

“Amayi, aka kachokera kuti?”

A Evelesi sanadzutse mutu. “Ndi ka pachilonda paja. Kauma?”

“Mwakachapa?”

“Ndakachapa m'mawa, tisanapite kutchalitchi.”

“Ndi chiyani?”

“Ndi sopo. Ndinayamba ndakaviika m'madzi otentha, monga ndimachitira ndi enawo. Sindinakapikiche kwambiri, ndinaona kuti ndi kofewa. Ndimati kakauma ndikabwezeretsepo.”

Zimenezi a Evelesi anali atazichita kwa zaka ziwiri. Kuchipatala mabandeji ankaperekedwa ochepa, ndiye m'mawa uliwonse ankatsuka chilonda ndi madzi ofunda a mchere, kuwiritsa bandeji yakale m'kampoto kakekake, n'kuiyanika padzuwa. Sanaphonye tsiku, ngakhale chaka chimene madzi anasefukira n'kuwagoneka pasukulu. Mudzi wonse unkadziwa kuti mabandeji a kwa a Damiano ndi oyera kuposa a kuchipatala.

Triza anakhala pansi pamphepete pa mkeka. “Ababa, anesi aja ananena chiyani? Si munali pomwepo?”

“Ananena,” anavomera a Damiano. “Ndipo amayi akowa ndinawauza. Masiku asanu sanakhudzepo.”

“Nanga lero?”

“Lero ndi ine,” anatero a Faness, akukutumula thonje pachitenje chawo. “Usawafunse awa, funsa ine. Ndafika Lachisanu, ndapeza bandeji yasanduka yachikasu, ntchentche zachita kuitana msonkhano. Ndafunsa kuti mwatsuka liti, akuti Lolemba. Dzulo ndangopenya. Lero ndati nkhabe, zosatheka, kwathu mkazi sagoneka mwamuna ndi chilonda chonunkha sabata yathunthu. Anthu obwera kudzazonda azinena kuti chiyani? Kuti mlamu watopa naye?”

“Ndipo pankayabwa,” anawonjezera a Damiano motsitsa mawu. “Pankayabwa zoti munthu sungakhale. Ndinati mwina mwalowa mphutsi.”

A Evelesi anapitiriza kusankha thonje. Zala zawo zinkabwerera pa kachidutswa kamodzimodzi kamene kanali koyera kale.

Triza anakayala kansalu kaja pabondo pake. Kanali katauma gwa, m'mbali mutapindika.

“Aka si bandeji,” anayamba kufotokoza. “M'thupi mwa munthu muli tinthu tina tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso, timene timaitana mnofu kuti umere pakakhala bala. Mwana akadzicheka, timeneto timathamangira pomwepo, ndiye pamapola msanga. Kwa ababa tachepa mphamvu chifukwa cha shuga. Anthu aja amatha kutipanga, koma mukangotithira pachilonda ngati mankhwala amadzi, madzi otuluka m'chilondamo amatikokolola tsiku lisanathe. Ndiye anapeza nzeru yotimangirira pa kansalu aka, mbali imodzi yokha, imene imagona pachilonda.”

“Ngati mono,” anatero a Damiano.

“Eya, ababa.”

“Mono wosamangirira pachikhomo umapita ndi madzi. Ukabwera m'mawa umangopeza malo.”

“Ndi momwemo. Tina anatimanga zolimba kuti tikhale pomwepo, mnofu watsopano ukamakwawa kuchokera m'mbali uzitipeza, n'kumagwira pa ulusi wa kansaluka ngati mmene dzungu limagwirira mpanda. Tina anatimanga molekerera kuti tizimasuka pang'onopang'ono, lero pang'ono, mawa pang'ono. Kansaluka sikachotsedwa. Kamathera pomwepo, mnofu ukamera.”

A Faness anatambasula dzanja, nakatenga, nakayang'ana kudzuwa mbali zonse ziwiri.

“Ine sindikuonapo kanthu.”

“Simungaone.”

“Nanga ngati anamanga zolimba monga ukuneneramo, kasopo ka mlamu wangayu kangamasule? Akatswiri a mtundu wanji omanga mfundo yomasuka ndi thovu?”

“Mfundo mwina ilipo, azakhali. Koma tinthuto timapsa. Dzira mukaliika m'madzi otentha, mungalibwezenso kuti likhale laliwisi?”

A Faness anakabweza kansaluko. “Ife tinabadwa chilonda chikutsukidwa,” anatero, koma mawu awo anali atatsika.

Kunja kusanade, Triza anasamba m'manja n'kumasula nsanza yoyera imene amayi ake anakulungapo podikira kuti kansalu kaume. Onse anayandikira. Pakati pa chilonda panali monga kale. Koma m'mbali monse munali kamzere kofiirira, konyezimira, kamene kale kunalibe, ndipo malo awiri kamzereko kanali katang'ambika n'kuchita magazi.

“Apa ndi pamene kanakanirira,” anatero a Evelesi. “Ndinachita kukanyowetsa kuti kamatuke.”

“Kanali katayamba kugwira,” anatero Triza. “Kuyabwa kuja kunali kumeneku.”

Anaphimbapo ndi thonje la kuchipatala limene anali nalo m'chikwama, n'kumanga bandeji.

Atamaliza, a Faness ndiwo anayambitsa nkhani. “Mawa anesi akubwera. Kansaluka tikabwezeretsepo bwinobwino, mbali yomweyo, timange. Iwe wanena wekha kuti tinthuto sitioneka ndi maso. Ndiye iwo adzaona bwanji kuti palibe?”

“Sadzaona mawa. Adzaona pakatha masabata atatu, chilonda chili chomwecho. Adzalemba kuti kwa a Damiano njira iyi yakanika, n'kuwabweza kwa adokotala a kuboma.”

“Nanga tikanena?”

“Sindikudziwa. Pepala lija anasaina ababa limati wosatsata malangizo akhoza kuchotsedwa m'kafukufuku.”

“Ndiye ukuona. Uku mpeni, uku mpeni. Bola kukhala chete, mwina Mulungu n'kuchitapo zake.”

“Tikanena, mwina atiikira kena. Tikabisa, palibe amene angaganize zoika kena.”

“Mwina, mwina. Iwe umagwira nawo ntchito anthu amenewa, sungawaimbire foni?”

“Sindigwira nawo, azakhali. Ine ndimayeza magazi. Ndinangomva kwa mnzanga.”

A Damiano anasisita bondo lawo. “Tinene kuti kanagwa kokha ndili m'tulo. Bandeji inamasuka. Zimachitika.”

“Kogwa kokha kamanunkhira sopo?” anafunsa Triza.

A Damiano anaseka pang'ono, n'kusiya. A Evelesi ananyamuka, natenga kansalu kaja pamkeka, nalowa nako m'nyumba.

M'mawa mwake anapita onse anayi. A Damiano anakwera njinga yamoto ya Shadreck, mwana wa mnansi wawo, ndipo azimayi atatuwo anatsatira wapansi. Anthu a kafukufuku anali ndi kachipinda kawo kumapeto kwa khonde. Pabenchi panali odwala ena asanu, aliyense ndi mwendo kapena phazi lomanga. Atafika pa dzina la a Damiano, a Faness analowa nawo osaitanidwa, ndipo enawo anatsatira.

Anesi anali mayi wamfupi wovala magalasi, dzina lawo a Molly. Anawayang'ana onsewo pamwamba pa magalasiwo.

“Lero mwabwera ndi mudzi wonse, bambo Damiano. Mwendo wagona bwanji?”

“Wagona.”

Anamasula bandeji, nachotsa thonje, naima.

“Kansalu kathu kali kuti?”

“Anesi, bandeji ija inali yomasuka,” anayamba a Faness. “Munthu pogona amatembenuka, ndiye usiku wa Loweruka…”

A Evelesi anali atamasula kale mfundo ya pakona ya chitenje chawo. Anatulutsa kapepala kopinda bwino, nakatambasula patebulo ndi manja awiri. M'katimo munali kansalu kaja.

“Sikanagwe,” anatero. “Ndinakachotsa ndine, dzulo m'mawa. Ndinakaviika m'madzi otentha, ndinakachapa ndi sopo, ndinakayanika. Bambowa anandiuza kuti pasatsegulidwe, ndinamva. Koma ndinaona ngati akunena za kusatsegula pachabe. Sindinadziwe kuti kali ndi zamoyo zake.”

A Molly anakanyamula ndi kachitsulo kopanira, nakatembenuza.

“Inu ndi mayi a kunyumba?”

“Ndine.”

“Ndinu amene mumatsuka chilondachi masiku onse?”

“Zaka ziwiri.”

“Lolemba lija munali kuti?”

“Kumaliro.”

Anesiwo anakhala pampando, navula magalasi, napukuta m'maso. “Ine ndinalangiza mwini mwendo ndi mwana wa ku Blantyre. Wogwira chilonda sindinamuone n'komwe.” Anatembenukira kwa a Faness. “Nanga inu mumati kanatani?”

“Ine ndi amene ndinamukakamiza mlamu wangayu,” anatero a Faness. “Lembani dzina langa ngati mukulemba. Faness. Wa ku Nsanje.”

“Dzina lanu lilibe polemba, mayi.”

A Molly anatsegula faelo natulutsa kapulasitiki koonekera kamene Lolemba lapitalo anajambulapo kukula kwa chilonda ndi cholembera chakuda. Anatenga kena katsopano, nakagoneka pachilondapo, najambula ndi chofiira. Ataphatikiza tiwirito n'kutikweza kuwindo, mzere wofiira unali m'kati mwa wakuda pafupifupi ponseponse, mpata wake ngati kunenepa kwa kamtengo ka machesi.

“Mukuona, mayi? Zaka ziwiri sichinabwererepo m'mbuyo chonchi. Koma ine sindingagamule ndekha. Dikirani panja, ndiwaimbire adokotala.”

Anadikira pabenchi. Odwala ena awiri analowa n'kutuluka. A Damiano ankayang'ana phazi lawo, akugwedeza zala chimodzichimodzi. Triza anapita kukagula madzi akumwa, nabwera, koma palibe anamwa. A Faness anasendera kufupi ndi a Evelesi.

“Ukanandisiya ndimalize, mlamu. Ndinali nditaikonza bwino nkhani ija.”

“Mukanaimaliza, alamu, ine ndikanaisenza mpaka liti?”

Patapita nthawi a Molly anasuzumira pakhomo n'kuwakodola.

“Adokotala akuti tilembe zonse monga zachitikira, madzi otentha, sopo, dzuwa. Akuti zimenezi nazonso akufuna kuzidziwa, chifukwa si inu nokha amene mumachapa mabandeji m'chigwa muno. Bambo Damiano sakuchotsedwa. Koma mvetsani. Wodwala aliyense anamuwerengera tinsalu tiwiri. Kachiwiri timaika pakatha masabata atatu, kuti kamalize ntchito imene koyamba kayamba. Inu tikuikirani lero. Kachitatu kulibe.”

“Ndiye kamodzi kangakwanitse?” anafunsa a Damiano.

“Sindikulonjezani. Ena kamodzi kamawakwanira, ena ayi. Tiziyeza Lolemba lililonse.”

Anatsegula bokosi lozizira limene linali pansi pa tebulo, natulutsa kapaketi konyezimira. Asanakang'ambe anaitana a Evelesi kuti aime pafupi. Anawaonetsa kadontho kabuluu pakona, kosonyeza mbali yoyang'ana kunja. Anatsuka chilonda, nagoneka kansaluko mosamala, ndipo kanangonyowa n'kumata, mnofu n'kumaonekera pansi pake. Pamwamba anaika thonje lochindikala, kenaka bandeji.

“Tsopano ntchito yanu ndi iyi, mayi. M'mawa uliwonse muzipukuta mwendo ndi kansanza konyowa, kuyambira pabondo kulekeza apa, ndi kuyambira pakakolo kutsika. Pakatipa ayi. Bandeji ikasanduka yachikasu, ndi mmene imachitira. Pakadzayabwa, awa muwagwire manja. Koma mukaona mwendo watupa, kapena wafiira kukwera m'mwamba, kapena thupi latentha, musadikire Lolemba, bwerani tsiku lomwelo. Mwamva?”

“Ndamva.”

“Bwerezani ndimve.”

A Evelesi anabwereza zonse, osasiyapo kanthu.

“Nanga ntchentche?” anafunsa a Faness.

“Ntchentche ndi zanu, mayi a ku Nsanje. Muli ndi neti kunyumba? Masana aziika mwendo m'neti.”

“Obwera kudzazonda adzati tam'tchera ngati nsomba.”

“Adzanene. Mwendo ndi wa awa.”

Panja dzuwa linali litakwera. Triza anatsanzika pompo, chifukwa ankayenera kukapeza minibasi ku Bangula kuti akafike kuntchito. Shadreck anabweretsa njinga yake pafupi ndi khonde, ndipo a Damiano anakwera mothandizidwa, mwendo wodwalawo ataulozetsa kumbali. Msewu wa kumudzi unali wafumbi. A Evelesi anavula mpango wa kumutu, naukulunga momasuka pamwamba pa bandeji, namanga mfundo kumbuyo kwa katumba.

“Iwe Shadreck,” anatero a Faness, “pamabampu paja uziyenda ngati wanyamula mazira. Ndikamva kuti unathamanga, ndikakupeza kwa amako.”

“Ndamva, agogo.”

“Agogo ndi amako. Tiye.”

Njinga inanyamuka pang'onopang'ono. Azimayi awiriwo anaiyang'ana mpaka inakhota pa chigayo, kenaka anayamba kuyenda m'mbali mwa msewu, mbali imene kunali mthunzi.